Tsiku Limene Akafula Analemera

A Gerevazio Damiano a ku Bembeke anakhala zaka zambiri akuvutika ndi funso limodzi. Akatsitsa matumba a mbatata ya kachewere pamsika, akatuluka m'tchalitchi, ngakhale pamaliro penipeni, pankapezeka munthu wowakodola n'kufunsa kuti, "Kodi mwana wanu ali ku Joni uja amaphunzira chiyani kwenikweni?"

"Za kumwamba," ankayankha choncho, n'kufulumira kusintha nkhani.

Yankho limeneli linabala mphekesera. Ena ankati Jesinta akulowa usisitere. Ena ankati akuphunzira kuyendetsa ndege, moti mayi wina anayenda wapansi kuchokera kutali kudzapempha kuti Jesinta adzamukwezeko mwana wake ngakhale kamodzi kokha. A Gerevazio zinkawadya mumtima, chifukwa anali munthu wodana ndi kunena zimene sakuzidziwa. Ndiwo ankawerenga mawu pa Misa ya Lamulungu, ndipo dzina lililonse lovuta la m'Chipangano Chakale ankayamba alifunsa kwa ansembe asanakaime kutsogolo. Koma za mwana wawo weniweni sankatha kufotokoza.

Ndiye kunabwera nkhani ya ukwati. Jesinta ankabwera m'nyengo yozizira kudzamanga ukwati woyera ndi Benedict Zikhalo, mphunzitsi wa ku Kasina amene anadziwana naye ali kusekondale. Kumadyerero kholo la mkwatibwi limapatsidwa mpata wolankhula, ndipo a Gerevazio ankakumbukira bwino mmene mnzawo wa bawo, a Timoteyo, analankhulira pa ukwati wa mwana wawo chaka chathacho. Anangoti, "Mwana tikukupatsaniyu ndi namwino," holo yonse m'manja phuphuphu. Nanga iwo akanena kuti chiyani?

Jesinta anafika ali wowonda pang'ono, akuseka ngati kale, koma maso ali pafoni. Akamasenda nyemba foni ili pamwendo. Akamayesa diresi foni ili m'manja. Mayi ake, a Sungeni, anayamba kuda nkhawa.

"Bambo a Jesinta, mwanayu mtima wake suli pano," anawanong'oneza amuna awo. "Mwina mnyamatayu sakumufunanso."

A Gerevazio m'mawa mwake anamutenga Jesinta kupita naye kudimba kuti akawathandize kusankha mbatata, zazikulu za kumsika pazokha, zing'onozing'ono za mbewu pazokha. Atagwira ntchito pang'ono, anagadabuza dengu n'kukhalapo.

"Ika foniyo pansi, ukhale apa," anatero. "Loweruka ndikalankhula pamaso pa anthu a ku Kasina. Za kumwamba zija ndatopa nazo. Undiuze ntchito yako bwinobwino, ngati ukuuza munthu amene sukulu anailekeza panjira, chifukwa ndine amene."

Jesinta anawayang'ana kaye, kenako anapukuta manja pachitenje.

"Bambo, uvuni wa njerwa mukauotcha, moto n'kuzima, mumaphwasula tsiku lomwelo?"

"Ungapse manja. Umakhala wotentha masiku."

"Basi, nyenyezi zanga ndi zotero. Nyenyezi yonga dzuwa lathuli nayo ili ndi nkhuni zake. Zikatha, imataya zakunja zonse n'kutsala mtima wokhawokha. Moto mulibe, koma ndi wotentha, ndipo umazizira pang'onopang'ono kwa zaka zosawerengeka. Kukula kwake n'kofanana ndi dziko tikukhalali, koma kulemera kwake kumaposa theka la dzuwa lonse. Dzina lake la pa Chingerezi limatanthauza anthu aafupi oyera."

"Akafula!" a Gerevazio anaomba m'manja. "Aja anajambula m'mapanga a ku Chongoni. Kani anathawira kumwamba?"

Jesinta anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kuyambira pamenepo bambo ndi mwana sanazitchulenso mwina nyenyezizo.

"Ndiye iwe umawatani akafulawo?"

"Ndimawayeza kulemera."

A Gerevazio anaona kuti nkhani yatha. Madzulo ake anapalasa njinga kupita pamsika, nakapeza a Timoteyo atakhala kale pa bawo. Sanadikire n'komwe kufunsidwa. Anafotokoza za uvuni, za nkhuni, za akafula, n'kumaliza monyadira kuti mwana wawo amayeza kulemera kwa nyenyezi zimene moto wake unazima.

A Timoteyo anatapa njombwa zawo modekha, osakweza mutu. "Chabwino, achimwene. Nanga sikelo yake amaikoleka pati?"

Anthu oonerera bawo anaseka.  Tsiku limenelo a Gerevazio anagonja masewero onse.

Kutacha, chifunga chinali chitatseka paliponse moti ngakhale khola la mbuzi silinkaoneka bwino. Anamupeza Jesinta pakhonde atafunda bulangete, akuotha dzuwa limene kunalibe.

"Dzulo unandiphunzitsa theka," anadandaula. "A Timoteyo anandivula pagulu. Sikelo ili kuti?"

"Sikelo palibe, bambo. Chimene chimatifika kuno n'kuwala kokha. Mtundu wa kuwalako umatiuza kutentha kwake, monga chitsulo kwa wosula makasu, pena chofiira, pena chachikasu, pena choyera mbuu. Mtunda wake anatiyezera kale anzathu ena. Tikadziwa kutentha, mtunda, ndi kuchuluka kwa kuwala kumene kwatifika, timadziwa kukula kwa nyenyeziyo. Tsono akafulawa ali ndi khalidwe lachilendo. Wolemera kwambiri ndiye amakhala wamng'ono, chifukwa kulemera kwake komwe kumamufinya. Ukadziwa kukula, wadziwa kulemera."

A Gerevazio anabwereza mawuwo chapansipansi, akupinda zala. Pa wolemera kukhala wamng'ono anaimapo n'kupukusa mutu mokondwa, ngati munthu amene wamva miseche yokoma.

"Nanga ngati n'zophweka chonchi, bwanji ukuwonda?"

Jesinta analoza kumsewu waukulu, kumene lole inkakwera chitunda ikulira, nyali zili zoyatsa.

"Nyali zija n'zoyera, koma m'chifungamu zikuoneka zachikasu, zofooka. Munthu wosadziwa kuti chifunga chameza kuwala kochuluka bwanji akhoza kuinamizira loleyo. Mkafula aliyense wafunda kampweya kopyapyala kotchedwa haidrojeni, ndipo kuwala kusanatuluke kumadutsa mmenemo. Kwina kumamezedwa. Ife timalemba masamu owerengera kuti mpweyawo ukumeza kuwala kotani, kochuluka bwanji. Kwa akafula otentha masamuwo amayenda bwino. Koma kwa ozizira, mpweya umakhala wothinana kwambiri, tizidutswa take timangogundana, ndipo umameza kuwala mwa njira imene sitinaigwire bwino. Ndiye kompyuta imayesa nyenyeziyo ndi yozizira kuposa mmene ilili. Ikatero imati, kuti chinthu chozizira chonchi chiwale motere, ndiye kuti n'chachikulu."

"Ndipo wamkulu ndiye wopepuka," anamalizitsa a Gerevazio.

"Mwaona! Akafula onse ozizira akutuluka opepuka, pamene kuzizira sikuchotsa kulemera kwa chinthu."

Anatsika pakhonde, natola kamtengo n'kuyamba kubaya timadontho padothi lonyowa. Kumanzere timadonthoto tinayenda mumzere wowongoka. Chakumanja tinayamba kutsetsereka, ngati mchira wa galu amene wakalipiridwa.

"Dontho lililonse ndi nyenyezi imodzi. Kuno otentha, uku ozizira. Akakwera ndiye kuti ndi olemera, akatsika ndi opepuka. Mzerewu umayenera kuwongoka mpaka kumapeto. Ine ndalembanso masamu a mmene mpweya wothinanawo umamezera kuwala kobiriwira ngati thambo. Ndisananyamuke ndinawasiya m'kompyuta yaikulu ya kuyunivesite kuti iyezenso nyenyezi zonse. Mnzanga wina, Alvin, ndiye akuilondera. Yankho likhoza kubwera tsiku lililonse."

"Ukapanda kuwongoka?"

"Ndiye kuti zaka zonsezi ndimathamangira njira yolakwika. Ndikayambirenso."

A Gerevazio anayang'anitsitsa timadonthoto nthawi yaitali. Nkhuku itafuna kupalasa pamenepo anaiingitsa mwaukali. Kenako anapita kuseri kwa nyumba kumene akazi awo ankasefa chimera cha thobwa.

"Mayi a Jesinta, mtima pansi. Vuto si Benedict ayi. Ndi akafula."

A Sungeni anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwayamba kumwa m'mawa muno?"

Lachisanu pakhomo panali piringupiringu. Achibale anali atafika, ena ochokera ku Mayani, ena ku Lilongwe. Anyamata ankasenda mbuzi pamtengo wa pichesi, atsikana ankatunga madzi, ndipo a Timoteyo anabwera ndi nkhwangwa yawo kudzathandiza kuwaza nkhuni. Dzuwa litapendeka, amayi achilangizo a kutchalitchi anafika kudzamulanga mkwatibwi. Asanalowe m'nyumba, a Sungeni anamulanda Jesinta foni.

"Kachinthu aka lero kapume," anatero, n'kukaponya m'thumba la jekete la amuna awo. "Mukasunge inu. Akalowa nako muno sadzamva kanthu."

Chitseko chinatsekedwa. M'katimo munayamba nyimbo ndi kuomba m'manja.

A Gerevazio anali akuunjika nkhuni pamene thumba lawo linayamba kunjenjemera. Analisiya. Linanjenjemeranso, osaleka. Pomaliza anatulutsa foniyo n'kudina pobiriwira monga ankaonera ana akuchita. Pagalasi panatulukira nkhope ya mnyamata wa magalasi, tsitsi lili nyankhalala, akulankhula Chingerezi chothamanga ngati wailesi ya mpira. A Gerevazio anangotolapo dzina la Jesinta.

"Ali m'nyumba, akulangidwa," anayankha m'Chichewa, mokweza, ngati kukweza mawu kungathandize. "Ndinu a Alvin?"

Mnyamatayo atamva dzina lake anagwedeza mutu mwamphamvu. Anayesa kufotokoza ndi manja, n'kulephera. Kenako nkhope inachoka, foni yake anailozetsa pa kompyuta, ndipo pagalasi panadzaza timadontho.

A Gerevazio anatalikitsa foniyo ndi dzanja, chifukwa maso awo sankaonanso bwino zapafupi. Anafinya maso. Timadontho tinali tambirimbiri, ngati mapira otayika pamphasa, koma tinali ndi msana wake. Anaika chikhadabo kumanzere n'kuyamba kuutsata. Wowongoka. Anafika pakati. Wowongokabe. Anafika pamene padothi paja mchira unayambira kugwa. Mzere unapitirira osatsika, mpaka pafupi ndi kumapeto kwenikweni, kumene timadontho towerengeka tokha tinali titazendewera pansi.

"Mayo ine," ananong'ona.

Anathamangira kuchitseko, dzanja lili m'mwamba kuti agogode, n'kuima. Mwamuna salowa kumene amayi akulanga mwana, ngakhale kugogoda kumene n'kulaula. Anabwerera. Anapita pawindo, nakhosomola. Nyimbo inapitirira. Anaitana chapansipansi, "Mayi a Jesinta!" Palibe anamva. Pafoni Alvin anali akulankhulabe, akuseka yekha.

A Gerevazio anazungulira pabwalo ngati nkhuku yofuna poikira. Chimwemwe chinali chitawadzaza mpaka pakhosi, ndipo chinkafuna potulukira. Anaona mpini wa khasu utatsamira nkhokwe. Anautola ndi dzanja lamanja. Kumanzere anatola lichero, n'kuligwira ngati chishango, foni ataipanira pamwamba pake ndi chala. Anaima pakati pa bwalo, anakweza mwendo monga ankachitira malemu bambo awo pa gule wa ngoma, n'kuponda pansi kuti di!

Fumbi linabuka. Anapondanso. Di! Di!

"Akafula alemera!" anafuula. "Akafula alemeraaa!"

Anyamata osenda mbuzi anaima mipeni ili m'manja. A Timoteyo anayang'ana mnzawoyo, munthu wa ulemu wake, wowerenga mawu m'tchalitchi, akudumpha ndi lichero. Sanafunse kanthu. Anatola chikuni n'kulowa m'bwalo, nayamba kuponda nawo, akuvomera ndi mawu awo a besi a kukwaya, "Alemera! Alemera!" Ana anakhamukira pomwepo. Agalu anayamba kuuwa.

M'nyumba nyimbo inaduka. Chitseko chinatseguka, ndipo a Sungeni anatuluka nkhope ili gwaa, amayi achilangizo ali pambuyo pawo.

"Chachitika n'chiyani? Walemera ndani?"

"Tapeza mgodi kodi?" anafunsa mayi wina.

Jesinta anasuzumira pakhomo, chitenje chili kumutu. Atamva mawu amene bambo ake ankaimba, chitenjecho chinagwa. Anadutsa pakati pa amayiwo osaponda bwino pansi, nakatsomphola foni palichero. Anayang'ana. Anakuza chithunzicho ndi zala, nayang'ananso. Anangokhala pansi pafumbi pomwepo, akuseka, misozi ili chuchuchu. Analankhula ndi Alvin mwachidule, onse awiri nthawi imodzi, osamverana.

"Wawongoka, eti?" anafunsa a Gerevazio akupuma mwawefuwefu. "Ndaona bwino?"

"Mwaona bwino, bambo. Mwayamba ndinu kuona, ine ndisanaone." Anapukuta m'maso. "Komabe tiyenera kubwereza, ndipo akatswiri ena ayenera kufufuza ngati sitinadzinamize. Ndiponso taonani awa a kumapetowa, ozizira kwambiriwa. Akadali ogwa. Pali china chimene sindinachimvetse."

"Amenewo udzawaona ukwati ukatha. Adikira zaka zonsezi, sathawa."

A Sungeni sanamve bwino za akafulazo, koma anaona nkhope ya mwana wawo itamasuka koyamba chifikireni. Anaimba nthungululu yaitali, amayi ena n'kulandira. Kenako mkulu wa alangizi anamugwira Jesinta padzanja.

"Zakumwambazo zatheka, tathokoza. Tiyeni m'nyumba, zapansi pano sitinamalize."

Loweruka kunacha kozizira koma kopanda mtambo. Misa inayenda bwino, kwaya inaimba mpaka mawu kusasa, ndipo Benedict, amene Jesinta anamuuza nkhaniyo pafoni dzulo lake, ankangomwetulira ngati ndiye wayeza nyenyezizo. Masana anthu anadzaza muholo, a ku Bembeke mbali iyi, a ku Kasina mbali inayo. Itafika nthawi ya makolo, woyendetsa mwambo anaitana bambo a mkwatibwi.

A Gerevazio anaimirira, nakonza tayi, nagwira maiki ndi manja awiri.

"Anthuni, kwa zaka zambiri mwakhala mukundifunsa kuti mwana wangayu amaphunzira chiyani. Ndinkakuyankhani mozemba. Lero ndikuuzani. Si sisitere, mwaona nokha. Ndege sayendetsa." Anthu anaseka. "Mwana uyu amayeza kulemera kwa nyenyezi zimene moto wake unazima. A Timoteyo, musavutike kufunsa, sikelo palibe."

Anafotokoza zonse mwadongosolo, osathamanga, monga ankawerengera mawu kutchalitchi. Ananena za uvuni, za kampweya komeza kuwala, za kompyuta imene inkanamizira akafula ozizira kuti ndi opepuka. Pa wolemera kukhala wamng'ono, amayi ena onenepa a ku Kasina anakuwa kuti zimenezo n'zabodza, holo yonse n'kufa ndi phwete. Pena anasokoneza, n'kunena kuti mpweyawo dzina lake ndi haidireki, ndipo Jesinta anabisa nkhope m'velo, mapewa akugwedezeka. Koma mutu wa nkhani sanauphonye. Anamaliza ndi kunena moona kuti ntchitoyo sinathe, akafula ena akadali ogwa, ndipo akatswiri ena ayenera kuiona kaye.

"Koma dzulo mzere unawongoka, ndipo ndinauona ndi maso angawa. Zikomo."

M'manja munaombedwa mpaka malata kulira. A Gerevazio anabwerera pampando wawo akuyenda ngati mnyamata, nakhala pansi, n'kutembenukira kwa akazi awo kuti amve chiyamikiro.

A Sungeni anawatsina pantchafu. "Mwalankhula bwino. Nanga mkamwini?"

"Watani?"

"Simunamutchule ngakhale kamodzi. Makolo ake, asebere anu, simunawathokoze. Mwakwatitsa mwana kwa akafula kodi?"

A Gerevazio anadzambatuka, nathamangira kutsogolo kumene woyendetsa mwambo anali atayamba kale kuitana mbali ya kuchimuna, n'kumulanda maiki m'manja.

"Pepani, pepani anthuni! Ndaiwala chachikulu. Palinso mkwati pano!"

Holo inaphulika. Benedict anaimirira n'kugwada mwaulemu ngati akudzidziwitsa koyamba, ndipo bambo ake, a Yeremiya Zikhalo, nkhalamba yaitali ya ndevu zoyera, anabwera kutsogolo akuseka mpaka kutsamira ndodo. Anawakumbatira a Gerevazio pamaso pa anthu onse.

"Asebere, musadandaule," anatero pa maiki pomwepo. "Mwana wathuyu timamudziwa kale, palibe chatsopano mukanatiuza. Koma mawa mubwere ku Kasina. Ine pa kampweya paja ndinatsalira."

Oimba anayatsa zoimbira zawo, ndipo azibambo awiriwo anatsegula bwalo limodzi, atagwirana m'mapewa.